Kufanana nkhope si umboni

Anthu ambiri amaganiza kuti kompyuta ikaloza nkhope ya munthu ndiye kuti wakuba wapezeka basi. Ine ndikukana, ndipo nkhaniyi imandiwawa mumtima.

Mapulogalamu ozindikira nkhopewa sadziwa munthu. Amatenga chithunzi cha pa kamera ya CCTV, nthawi zambiri chachimbuuzi, chojambulidwa cham'mbali kapena mumdima, n'kuchiyerekeza ndi zithunzi mamiliyoni za pa malaisensi ndi za anthu amene anamangidwapo. Chotuluka pamenepo ndi mndandanda wa anthu ofanana naye. Ngakhale wakubayo asakhalemo m'nkhokwe ya zithunziyo, wina wake amapezekabe pamwamba.

Mu Januwale 2020 apolisi a ku Detroit, ku America, anamanga Robert Williams pakhomo pake, mkazi wake ndi ana ake aakazi awiri akuona. Ankati anaba mawotchi m'sitolo mu 2018. Anakhala m'chitokosi maola pafupifupi 30 pa mlandu umene sankaudziwa n'komwe. Tamvani mmene zinayendera. Kompyuta inapereka chithunzi chake chakale cha pa laisensi. Apolisi anachiphatikiza ndi zithunzi zina zisanu n'kukaonetsa munthu wa zachitetezo amene panalibe pa tsiku la kubalo, amene anangoonera vidiyo. Iye analoza Williams. Nanga akanaloza ndani, makina atasankhiratu nkhope yofanana kwambiri ndi ya mu vidiyomo? Wapolisi anaona ngati wapeza umboni wachiwiri, chonsecho chinali cholakwika chomwe chija chitangobwerezedwa.

Mu Febuluwale 2023 mumzinda womwewo anamanganso Porcha Woodruff pa mlandu wolanda galimoto, kompyuta italozanso nkhope yake molakwika. Mayiyu anali woyembekezera, mimba ya miyezi 8! Palibe amene anaima kaye n'kudzifunsa.

Onsewa ndi anthu akuda, ndipo sikuti zangochitika mwangozi. Mu 2019 bungwe la boma la America la NIST linayesa mapulogalamu 189, n'kupeza kuti ambiri amasokoneza nkhope za anthu akuda ndi a ku Asia kuwirikiza ka 10 mpaka ka 100 poyerekeza ndi za azungu. Kulakwitsa kwa makinawa si kwa ku America kokha: ku Cardiff, ku Britain, pa fainolo ya Champions League mu 2017, makamera a apolisi analoza anthu 2,470, koma 2,297 mwa iwo anawaloza molakwika.

Sindikunena kuti apolisi ataye makinawa. Angathandize kudziwa poyambira kufufuza. Chondiopsa ndi wapolisi wotopa, mafayilo ali mbwee patebulo, amene akaona dzina pa sikirini amaleka kufunsa kuti munthuyu anali kuti tsikulo, foni yake inali kuti, katunduyo wapezeka ndi ndani.

Mu 2024 mzinda wa Detroit unavomera kulipira Williams, unavomeranso kuti apolisi asamamange munthu pongodalira zotsatira za pulogalamuyi. Apolisi kulikonse ayambire pamenepo asanagule n'komwe makinawa. Ndipo woimbidwa mlandu ndi loya wake aziuzidwa kukhoti kuti dzina lake linachokera mu kompyuta, aone ndi chithunzi chimene anailowetsera.