Pasiwedi ya wayifayi si moto wopala kwa aneba

Lero ndilankhula ndithu, wokwiya akwiye.

Dzulo madzulo ndimafuna kutumiza zithunzi za matumba a kachewere kwa bambo wina wogula wa ku Tete. Zithunzi zisanu zokha. Galimoto yawo imayenera kunyamuka m'mamawa kubwera kuno ku Ulongue, ndiye amafuna aone kaye katundu asanathire mafuta. Mphindi 40 zathunthu kachizindikiro ka pa WhatsApp kakungozungulira, chithunzi ngakhale chimodzi osapita. Kuzimitsa rauta, kabokosi kogawa wayifayi m'nyumba, kuyatsanso, palibe chosintha. Mwana wanga wa ku sekondale ndiye anatsegula poonera mafoni amene alumikizidwa. Mafoni 17! Pakhomo pano tili ndi mafoni anayi basi.

Nditatuluka ndi tochi ndinapeza anyamata atandandana kuseri kwa nyumba, atatsamira khoma la kuchipinda kwanga, nkhope zili ngwee ndi kuwala kwa mafoni. Uyu TikTok, uyu mpira. Ena sindikudziwa n'komwe kuti ndi ana a yani.

Pasiwedi imeneyi ndinapatsa munthu mmodzi, alamu anga, tsiku la maliro kuti adziwitse abale a ku Joni. Mmodzi yekha. Koma mafoni a masiku ano amangotulutsa kachithunzi ka QR, mnzako wajambula, walowa. Iyenso wapatsa mnzake. Mudzi wonse ukumwa pa chitsime chimene sunakumbe.

Inde, ndikudziwa, intaneti imachedwanso chifukwa cha makoma a njerwa, malata, rauta yobisidwa kuseri kwa kabati, kapena magetsi akamathimathima. Zimenezo ndi zina. Ine ndikunena za anthu. Karauta kamodzi kamagawira mafoni onse mosinthanasinthana, ndipo foni imene ili kutali, kuseri kwa khoma, ndi imene imachedwetsa anzake onse chifukwa imatenga nthawi yaitali kuti ilandire zake. Ndiye wakuba amene wakhala panjayo sakungodya mamega anga okha, akunditsekeranso njira m'nyumba mwanga momwe. Kanema wa ola limodzi amatha kumeza giga yathunthu. Werengani nokha anthu 13.

Moto ukapala kwa aneba, wawo sutha. Izi zimatha! Ndi mametikali anga amene akupsa, ndalama za thukuta la kumunda, zimene ndimatumiza pa foni mwezi ndi mwezi pamene ena ali phee.

M'mawa uno ndasintha pasiwedi. Dzuwa lisanafike pamutu mayi wina wafika kale pakhomo, ati "Achimwene, mwatitsekera bwanji? Kupatsa n'kuika." Mayi, inu mwaika chiyani kwa ine? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukufuna intaneti, gulani yanu, kapena bwerani masana tikambirane zosonkha. Kupempha si kuba. Koma kulowa mwakachetechete usiku, mwini wake akulephera kugulitsa katundu wake, kumeneko ndi kuba, ngakhale simunathyole chitseko. Bambo aja anakagula kwa wina ku Tsangano. Matumba anga ali pompano, ndipo kachewere sadikira munthu.

Ndipo anthu omwewa ndi amene amabwera ndi mafoni atatuatatu kudzatchaja, wina mpaka tochi ndi kawailesi komwe. Mayunitsi a magetsi a Credelec akatha usiku nyumba ili bii, palibe ndi mmodzi yemwe amene amafunsa kuti tisonkhe zingati.