Uthenga wa maliro umafika khomo lililonse, wa bajeti ya mzinda suoneka

Abale anga a mu Mzuzu, ndakhala ndikumva anthu akunena kuti ife okhala mumzinda uno sitisamala za chitukuko, kuti tikaitanidwa ku msonkhano sitipita, ntchito yathu ndi kudandaula pa Facebook basi. Ine mawu amenewa ndimawakana. Anthu a mu Mzuzu amasonkhana kwambiri, ndipo amasonkhana mwadongosolo. Vuto lili pa kaitanidwe, komanso pa zimene munthu amayembekeza kukapeza akafika kumeneko.

Taonani zimene zimachitika kukagwa zovuta ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa. Munthu akatisiya usiku, pofika m'mawa dera lonse lamva. A block leader adziwitsidwa, anyamata aika masamba pamsewu, wina wabwereka mabenchi ku tchalitchi, amayi ayamba kuyenda khomo ndi khomo kutolera ufa ndi nkhuni. Amayi a Umanyano afika ndi nyimbo zawo, a mphakati nawo afika, achisilamu oyandikana nawo sakhalira. Pali kope la chipepeso, ndipo ndalama iliyonse imalembedwa ndi dzina la woperekayo. Mwambo usanathe wina amaimirira n'kuwerenga poyera kuti zalowa zingati, bokosi ladya zingati, galimoto yopita ku Rumphi kapena ku Ntcheu yadya zingati, zatsala zingati. Palibe amene amapempha alawansi kuti abwere. Palibe amene amati sindinamve chifukwa sanalembe m'nyuzipepala. Ndipo zonsezi zimachitika pakati pa anthu osiyana mitundu, wina akulankhula Chitumbuka, wina Chitonga, wina Chinkhonde, ife ena Chichewa, koma kumvana kulipo.

Tsono funsani anthu omwewo kuti bajeti ya khonsolo ya mzinda ya chaka chino ndi ndalama zingati, ndipo wodi yawo yapatsidwa chiyani. Funsani kuti komiti ya chitukuko ya m'wodi mwawo inakumana liti. Ambiri angokuyang'anani. Ena sadziwa ndi dzina lomwe la khansala wawo, chikhalirecho anamuvotera okha.

Izi zili ndi pochokera. Lamulo la maboma aang'ono linakhazikitsidwa mu 1998, ndipo makhansala tinawasankha mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike mpaka mu Meyi 2014. Zaka 9 zathunthu mzinda unkayenda popanda khansala ndi mmodzi yemwe. Mwana amene anayamba sitandade 1 makhansala akuchoka anali atafika ku sekondale pamene amabwerera. Nthawi yonseyi Mzuzu yense anali ndi phungu mmodzi yekha wa ku Nyumba ya Malamulo, ndiye chilichonse chinkathamangira kwa iyeyo, kaya ndi mlatho woduka, kaya ndi fizi ya mwana, kaya ndi bokosi la maliro. Tinazolowera kuti chitukuko ndi mphatso yochokera kwa munthu wamkulu, yomwe umapempha utagwada, ukalandira n'kuvina. Makhansala atabwerera anapeza anthu ataiwala kuti khansala amagwira ntchito yanji, ndipo ena mwa makhansalawo anangotengera khalidwe lomwelo la aphungu, kumaoneka pa maliro ndi envulopu m'malo moitanitsa msonkhano. Sindikuwanyoza ayi, envulopuyo imathandiza pa tsiku la misozi. Koma ngalande sikumbidwa ndi envulopu.

Ndatchula ngalande dala, chifukwa nkhani ya Mzuzu ndi nkhani ya madzi a mvula. Mzindawu unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, cha mu 1947, ndipo unalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985. Pa kalembera wa 1998 tinalipo osakwana 90,000. Pofika 2018 tinali titapitirira 220,000. Anthu onse owonjezerekawa sanapeze mapuloti opimidwa akuwadikira. Anamanga pamene anapeza malo, m'zitunda za ku Masasa, m'madambo a ku Chibavi ndi Chiputula, m'mphepete mwa timitsinje totsikira mu Lunyangwa. Kuno mvula simasewera, imagwa mpaka mu Epulo pamene kwina anayamba kale kukolola, ndipo ikayamba ya mvumbi imatha masiku nthaka n'kukhuta madzi mpaka kufewa. Amene analipo mu Epulo 2016 akukumbukira mmene nyumba zinagwera, mmene nthaka inagumukira m'zitunda, mmene mabanja anakagonera m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndiponso kuti ena anataya miyoyo. Pa masiku amenewo tinathandizana bwino kwambiri. Zovala, ufa, mabulangete zinatuluka m'nyumba za anthu osauka omwe. Dzuwa litawala tinabwerera aliyense ku zake, ndipo funso loti madzi a m'dera lathu azidutsa pati linatsala lopanda mwini.

Chodabwitsa n'chakuti kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, mwezi womwewo umene mvula imatiyesa kwambiri. Kutanthauza kuti pamene madzi akulowa m'nyumba n'kumakwiya pa WhatsApp, ndondomeko ya ndalama za chaka chimenecho imakhala itamangidwa kale. Nthawi yolankhula inali miyezi ingapo m'mbuyo, pamene anthu anali kalikiliki ndi maukwati a mu Okutobala, fetereza ndi Khirisimasi. Mkwiyo wathu umafika mochedwa chaka ndi chaka.

Pali anthu amene amaganiza kuti za khonsolo ndi za eni nyumba zikuluzikulu za ku Chimaliro ndi Katoto, amene amalipira msonkho wa nyumba. Iyayi. Mayi wogulitsa nthochi ndi chinangwa mumsika waukulu amadula tikiti tsiku lililonse limene wayala malonda ake, agulitse asagulitse. Wogulitsa usipa wa ku Nkhata Bay chimodzimodzi. Wa zitenje ku msika wa Taifa, wa kaunjika, wa chipisi, wa golosale amene amakadula layisensi, onsewa ndalama zawo zimalowa m'thumba la mzinda. Mukawerengera bwino, mayi wa nthochi uja amalipira mokhulupirika kuposa mabwana ambiri, chifukwa iye sangazembe, wotolera msonkho amamupeza pamene wakhala. Ndiye mayi ameneyu akafunsa kuti tikiti yanga ija yagula chiyani, chimbudzi cha pamsika chilibe madzi bwanji, sakuchita mwano. Akufunsa za ndalama zake.

Ndipo malamulo ali kumbali yake. Lamulo la maboma aang'ono limati misonkhano ya khonsolo ndi yotseguka kwa anthu ndi atolankhani. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Koma kunena kuti chitseko n'chotsegula sikokwanira. Msonkhano ukachitika Lachiwiri m'mawa, mu holo ya m'tauni, mapepala ake ali m'Chingerezi cha akauntanti, mayi wa nthochi asiye malonda ndi ndani kuti akakhale kumbuyo osaloledwa kulankhula? Wa kabaza aimike njinga nthawi imene makasitomala ali mbwee? Mwa njira imeneyi chitseko chimakhala chotsegula kwa anthu okhawo amene ali ndi malipiro a pamwezi.

Ndinenepo pang'ono za tsiku losesa. Mu Novembala 2020 boma linakhazikitsa Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse kukhala tsiku loyeretsa malo athu. Ganizo lake ndi labwino ndipo ndilibe nalo chifukwa. Chimene chimanditopetsa ndi kasesedwe ka pa kamera: akuluakulu avala magolovesi atsopano, asesa pamsewu waukulu pamene panali posesa kale, ajambulitsa, akwera galimoto. Mulu wa zinyalala umene anthu aunjika m'makwalala ukapanda kutengedwa, mvula imaubwezera mu ngalande momwe unachokera. Majumbo opyapyala aja analetsedwa kuyambira 2015, khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chipitirire, koma pitani mukasuzumire pansi pa kamlatho kalikonse muone chimene chatseka madzi. Kusesa ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kudziwa kuti galimoto yonyamula zinyalala ilipo kapena inafa, mafuta ake anaikidwa mu bajeti kapena ayi, imafika m'wodi mwanu kangati pa mwezi, imeneyo ndiye nkhani yofunika msonkhano.

Maganizo anga ndi awa. Khonsolo isamadikire kuti anthu apite kwa iyo. Mzuzu uli ndi mawodi 15. Kawiri pa chaka, kamodzi bajeti isanamangidwe, kenako pakati pa chaka, khansala aliyense aitanitse anthu a m'wodi mwake pa bwalo la sukulu ya pulayimale, Loweruka masana kapena Lamulungu anthu akaweruka ku mapemphero. Abwere ndi munthu wa ku ofesi ya zachuma ndi wa ku ofesi yoona za misewu, chifukwa khansala yekha amangoti ndikafunsa. Uthenga udutse njira yomwe ija yodziwika: kwa ma block leader, pa zolengeza za m'tchalitchi ndi mu mzikiti, kwa tcheyamani wa msika, kwa tcheyamani wa pa siteji ya kabaza, pa Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane. Pepala likhale limodzi, lolembedwa m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, lonena kuti m'wodi muno tatolera zakuti, tinalonjeza zakuti, tachita zakuti, zakanika ndi izi pa chifukwa ichi. Liwerengedwe mokweza kuti ndi agogo osaona bwino omwe amve. Kope la chipepeso timaliwerenga choncho, ndipo palibe amene anafapo ndi manyazi.

Pa msonkhano woterewu pasakhale nsalu za chipani, pasakhale gulu lovina kutsogolo, pasakhale fanta ndi ndalama ya thiransipoti. Chizolowezi cha alawansi chinaononga misonkhano yambiri m'dziko muno, moti munthu akamva kuti kuli msonkhano funso loyamba limakhala lakuti kuli kusaina kodi. Amene akubwerera kusaina akhale kunyumba. Otsalawo, ngakhale atakhala makumi atatu okha, ndi anthu amene ngalandeyo imadutsa pakhomo pawo.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Muti ma block leader enawo ndi omwe amagawa malo m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, ndiye tingawadalire bwanji? Madandaulo amenewa amamveka ndithu m'madera ambiri, ndipo n'chifukwa chake ndikuti iwo aziitana anthu basi, asamatsogolere zokambirana. Ndiponso nkhani ya kugawa malo oletsedwa imakula chifukwa imachitikira kuseri. Ikafunsidwa pagulu, wogula ndi wogulitsa onse ali pomwepo, woona za mapulani a mzinda alinso pomwepo, mabodza amachepa. Pamenepo ndi pamene tingafunsenso funso lowawa lija: ngati mukuti tichoke m'dambo, malo ena opimidwa amene munthu wa ganyu angakwanitse ali kuti? Kungouza anthu kuti asamuke popanda kowalozera n'kutaya mawu.

Ena muti misonkhano yotere imangothera m'phokoso ndi kutukwanizana. Woyamba udzakhaladi waphokoso, chifukwa anthu asunga zambiri kukhosi. Asiyeni alankhule. Wachiwiri anthu adzabwera ndi pepala la ulendo wapita m'manja, n'kumafunsa mzere ndi mzere, ndipo phokoso lidzachepa lokha chifukwa padzakhala chogwira. Chimodzimodzi nkhalango ya Kaning'ina, kumene kumachokera madzi olowa mu damu la Lunyangwa amene tonse timamwa. Aliyense amadziwa kuti makala akutha mitengo kumeneko, aliyense amagula makalawo chifukwa magetsi ndi gasi si onse angakwanitse, ndipo palibe bwalo limene wogula, wootcha ndi wa zankhalango anakhalapo pamodzi m'dera mwathu kuti aunikire njira ina.

Yankho lomwe timalimva kawirikawiri ndi lakuti khonsolo ilibe ndalama. Mwina n'zoona. Makhonsolo a mizinda m'dziko muno akhala akudandaula kwa zaka kuti anthu ndi mabungwe ambiri salipira msonkho wa nyumba, komanso kuti ndalama zochokera ku boma zimabwera mochedwa ndi zoperewera. Ngati zili choncho, bwerani mudzatiuze ndi manambala. Tiuzeni kuti mwa ndalama zimene mwatolera, zingati zapita ku malipiro, zingati ku maulendo ndi misonkhano ya m'mahotela a kunyanja, zingati zafika pa nthaka. Ndipo ngati pali eni nyumba zamalonda, makampani kapena nthambi za boma zimene zili ndi ngongole ya zaka zambiri ku mzinda uno, mndandanda wawo uwerengedwenso pa bwalo lomwelo, kuyambira wa ngongole yaikulu kutsika m'munsi, mavenda amene amalandidwa katundu chifukwa cha tikiti ya tsiku limodzi akumva.