Crown yokwezedwayi, kunsi kwake mwayang'anako koma?

Anthu okonda galimoto muno mu Lilongwe mwagawanika pa nkhani ya Toyota Crown yatsopano ija, yomwe ndi sedani koma anaikweza ngati ikufuna kukhala SUV, ya hybrid, yoyendera mafuta ndi batire. Ena akuti ndi yonyasa Toyota yaononga dzina, ena akuti eee imeneyi ndiye galimoto ya misewu yathu, yayitali komanso yosamwa mafuta. Ine maganizo anga ndi akuti gulu loyambalo likudandaula zinthu zosathandiza, pomwe gulu lachiwirili ndi lomwe likundidetsa nkhawa chifukwa ndi lomwe litulutse ndalama.

Odandaulawo ndikuwamvetsa pang'ono. Dzina la Crown linayamba mu 1955, ndipo zaka zonsezi inali galimoto ya mabwana, mphamvu imapita kumatayala akumbuyo, yotsika, yodekha. Amene munayendetsapo ma Crown akale aja, Athlete kapena Royal Saloon, mukudziwa zomwe ndikunena. Ndiye mu July 2022 a Akio Toyoda, mkulu wa Toyota panthawiyo, anaonetsa Crown za mitundu inayi nthawi imodzi, Crossover, Sport, Sedan ndi Estate, ndipo yomwe inayamba kugulitsidwa ndi Crossover yo, yokwezedwa tikukambayi, injini yake anaigoneka chopingasa ngati ya Camry, utoto wake wina wamitundu iwiri, boneti yakuda m'mbali mofiira. Okonda Crown yakale mtima unawawa. Koma akuluakulu, sedani yeniyeni ija ilipo, anaitulutsa payokha, palibe wakulandani. Komanso nkhani ya kukongola tingakangane mpaka kuche, ine kutsogolo kwake ndimakukonda, kumbuyo kokhako ndi komwe sindinakuzolowere, basi tisiye pompo.

Tsono tibwere kwa inu amene mukuti ndi yayitali ndiye ikwana ku Area 25, ku Area 49, ku Chinsapo mvula ikagwa. Mpata wochoka pansi kufika kumimba kwa galimotoyi ndi mamilimita 145. Crown yomwe inalipo isanabwere iyiyi inali ndi 135. Aqua imene mumaiseka kuti imakhula pa hampu iliyonse ili ndi 140. Mwamva? Kusiyana kwa Aqua ndi Crown yokwezedwayi ndi mamilimita 5 okha, pomwe RAV4 ndi Harrier zimasewera cha m'ma 190 kupita 200. Ndipo Crown ndi yayitali mlitali, pafupifupi mamita 5, kutanthauza kuti pa hampu zathu zija zomwe anthu amangoumba okha m'makwalala a m'ma Area, matayala akutsogolo akatsika akumbuyo asanakwere, pakatipo pakhula ndithu, mwinanso kuposa Aqua yomwe ndi yayifupi.

Chimene anakweza ndi mpando. Munthu ukamalowa sugwada kwambiri ngati mu sedani wamba, sukweranso ngati mu Prado, umangotsetsereka n'kukhala. Anapangira madala a ku Japan ndi ku America amene msana ndi mawondo zayamba kuvuta koma safuna chigalimoto chachikulu. Ku America anaibweretsa kulowa m'malo mwa sedani ya Toyota yotchedwa Avalon, ndipo aliyense akudziwa kuti Avalon amagula ndi achikulire. Ngakhale kutalika kwake kuchoka pansi kufika padenga, mamilimita 1,540, sikuti anangolota ayi, ku Japan malo ambiri oimikapo galimoto aja okweza ndi makina salola yopitirira 1,550. Ndiye mukuona kuti amene ankaijambula ankaganiza za Tokyo ndi Nagoya, za Mtandire sankazidziwa n'komwe. A Toyota eni ake mu 2024 anatulutsa ina yapadera yotchedwa Landscape yomwe anaikwezanso ndi mamilimita 25 n'kuiveka matayala a m'tchire. Akanakhala kuti yoyambayo inali yokwanira pa fumbi akanavutikiranji?

Ndiye pali matayala. Zapamwambazo zimabwera ndi ma limu a mainchi 21, tayala lake 225/45, lopyapyala. Pa chithunzi zimaoneka bwino zedi. Koma kalowe nalo m'dzenje limodzi usiku pa msewu wa ku Likuni kapena ukamapita ku Kasiya, tayala latupa m'mbali, limu yapindika, ndiye uyambe kuzungulira ku Biwi ndi ku Old Town kufunsa saizi imeneyo, anyamata angokuyang'ana n'kukuuza kuti bwana tiyitanitse ku Joni kapena ku Dar mudikire. Saizi 15 ndi 16 uipeza paliponse ngakhale ya kaunjika, 21 ayi. Amene mwatsimikiza mtima kuti mugula, sakani ya ma limu a 18 kapena 19, nyama ya tayala ikhale yochulukirapo.

Ndikudziwa wina anena kuti tidzaika ma spacer oikwezera ngati timachitira ndi ma Axio ndi ma Fielder. Inde zimatheka, koma iyi ili ndi makamera ndi radar zomwe anazitchera pa msinkhu umene inabadwa nawo, ndipo matayala akumbuyo nawonso amakhota pang'ono pothandiza chiwongolero. Ukaikweza mwachisawawa pansi pa mtengo wa mango usadabwe dashibodi ikayamba kuyaka magetsi osadziwika.

Mbali ya hybrid yokha ndiye ndilibe nayo mawu, pamenepo ndili nanu limodzi. Amene anagonapo pa mzere wa mafuta muno, kuyambira 2022 uja kubwera kuno, safuna kuuzidwa ubwino wa galimoto yosamwa. Ya injini ya 2.5 ku Japan anaiyeza kuti imayenda makilomita 22.4 pa lita, kuno ndi fumbi ndi AC ndi katundu sizingafike pamenepo koma ngakhale itatsika, kwa galimoto yaikulu chonchi ndi zabwinobe kwambiri, Mark X singayandikire. Ndipo hybrid imasangalala pamene ena akulira, pa jamu ya m'mawa kuchoka ku Kanengo kulowa m'tauni kapena pa mlatho wa Lilongwe madzulo, injini imazima yokha iwe ukuyenda ndi batire, ukaponda buleki batire ikudzaza. Sifuna kutchaja pa soketi, ndiye za kuzima kwa magetsi sizikukhudza. Koma chenjerani, pali ina ya 2.4 turbo, ija amaitcha RS, ku America amati Hybrid Max ya mahatchi 340. Imeneyo hybrid yake ndi yothamangira, pa pepala lomwelo ndi makilomita 15.7 pa lita. Ukagula imeneyo n'kumayembekeza kumwa kwa Prius udzatukwana wogulitsa wosalakwa.

Za 4WD nazonso tisanamizane. Zonse ndi 4WD inde, koma kumbuyo kulibe shafuti yochokera ku injini, kuli mota ya magetsi yomwe imakankha matayala akumbuyo. Pa msewu woterera imathandiza, pa chipale chofewa cha kwawoko ndiye penipeni. M'matope a ku munda ku Mitundu mu February mimba ikakhala pansi, matayala onse anayi azingozungulira m'malere, mudzaitana ngolo ya ng'ombe basi.

Amakaniko a hybrid muno alipo tsopano, ma Aqua ndi ma Prius ndi ma Fit anawaphunzitsa, zosintha ma cell a batire ndi kutsuka fani yoziziritsa batire ikadzaza fumbi akuzidziwa. Kungoti batire ya mu Crown iyi ndi mtundu watsopano, bipolar nickel, si ija anaizolowera kumasula, ndipo ya m'galimoto yakugwa simungaipeze msanga chifukwa galimotozo muno n'zowerengeka. Nyali imodzi yakutsogolo kabaza akakuphwanyira pa Area 18, mtengo wake mwina ungagule injini ya Vitz.

Mtengo ku Japan itangotuluka unayambira pa ma yen 4.35 miliyoni kufika 6.4 miliyoni. Onjezani sitima mpaka Dar es Salaam, woyendetsa kudzera pa Songwe, msonkho wa MRA womwe umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kenako kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo dola yogulira galimoto aliyense akudziwa komwe imapezeka ndi mtengo wake. Ndi ndalama zimenezo Harrier hybrid kapena RAV4 hybrid, za injini yomweyo ya 2.5, zikukupatsa kumwa kofanana ndi mpata weniweni kunsi, ndipo masipeya ake ayamba kale kupezeka.

Ngati mumakhala ku Area 10, 43 kapena 47, ntchito ku City Centre, ulendo wautali ndi wa pa M1 kupita ku Blantyre kapena ku nyanja ku Salima, gulani, mudzakhala ngati mfumu ndipo pa filling station muzidutsa mukuimba mluzu. Koma ngati kwanu tala amathera pa siteji ndipo kotsalako ndi makilomita atatu a zigwembe, ndalama zanuzo kagulireni Harrier, Crown muzingoiwonera m'tauni ikamadutsa.