Leicester ya 2015/16 sinali ya mwayi

Alembi, mwati Leicester City inatenga ligi ya ku England ya 2015/16 chifukwa matimu akuluakulu anali m'tulo. Pamenepo ndiye ndakana. Mwayi ungakupatse mapointi 81 pa masewero 38? Inagonja katatu kokha, kawiri kwa Arsenal ndi kamodzi kwa Liverpool.

Ine ndine wa Arsenal, ndipo tsiku lomwe Danny Welbeck wathu anachinya Leicester ndi mutu kumapeto kwenikweni pa Emirates tinavina kuti chikho tatenga basi. Eee, tinadya mfulumira! Tinathera pa nambala 2, mapointi 10 kumbuyo.

Chomwe simunatchule ndi N'Golo Kanté. Mnyamata uja, wochokera ku timu ya Caen ya ku France, ankalanda mpira ngati m'bwalomo alimo awiri, n'kupatsira Mahrez, ndiye Vardy kwake kunali kuthamanga. Vardy yemweyo anachinya m'masewero 11 otsatizana, n'kuphwanya mbiri ya Ruud van Nistelrooy, pamaso pa timu yakale ya Van Nistelrooy, Manchester United, penipeni. Mphunzitsi Claudio Ranieri sankasinthasintha osewera, aliyense ankadziwa ntchito yake.

Chimandiwawabe n'choti mu February 2017 mdala yemweyo anamuchotsa ntchito, miyezi 9 chitengereni chikhocho.