Pa nkhani ya madyerero a mafumu akale, Angerezi apite akaphunzire ku Scotland

Ndakhala ku Mangalande zaka 7, msonkho ndimalipira kuno, ana anga sukulu akuphunzira kuno, koma lero mundilole ndiwanene eni dziko. Mwezi wathawu kuntchito kwathu anakonza zoti tikadyere limodzi kumalo ena kumene amachita sewero la phwando la mafumu akale. Dzina la malowo ndisiye. Mapaundi 55 munthu mmodzi, ati tikadya ngati ma knight, ankhondo olemekezeka okwera pa akavalo aja, pamodzi ndi madona awo.

Titangolowa anativeka zisoti zachifumu za pepala. Kenako kunatulukira mnyamata atavala zankhondo za pulasitiki, n'kuyamba kukuwa kuti masiku amenewo kunalibe ulemu, tidye ndi manja ngati zilombo, mafuta tipukutire pa malaya. Anthu kuseka. Chakudya chake? Supu wa tomato, mwendo wa nkhukundembo ndi mbatatesi zootcha. Abale anga, zinthu zitatu zonsezi kwawo ndi ku America, ndipo zinafika ku Ulaya Columbus atawoloka kale nyanja mu 1492. Palibe knight wa m'zaka za m'ma 1300 amene analawapo mbatatesi. Koma izi ndikanazipirira. Chimene chinandiwawa n'chakuti nditafunsa madzi osamba m'manja, anandiponyera kapepala konyowa ka m'paketi, ndipo mnzanga wina wakuntchito, mosaganiza n'komwe kuti akundilasa, anati: “Iwe lero uzimva ngati uli kwanu.” Ndinaseka nawo, monga timachitira tonse kuno, koma nyama ija sinatsike bwino.

Patapita masabata awiri ndinakwera sitima kupita ku Glasgow kwa mlamu wanga. Nditawafotokozera, anangoti, “Alamu, mawa tidzuke m'mawa, ndikakuonetseni phwando lenileni.” Anandipititsa ku Stirling Castle, linga lakale la mafumu a ku Scotland.

Inu amene munafikako mukuidziwa holo ija, yachikasu kunja kwake moti umaionera patali. Anaimaliza cha m'ma 1503, nthawi ya Mfumu James IV. M'litali mwake ndi mamita oposa 40, ndipo muli malo asanu osonkhapo moto. Asilikali anaisandutsa malo ogona mpaka 1964, koma anaikonzanso n'kuibwezera mmene inalili, denga lake la mitengo ndi zonse, ntchito n'kutha mu 1999. Kumtunda kuli tebulo la mfumu ndi mipando iwiri ikuluikulu. Ndinakhalapo, ndisanameyi, ndipo mlamu anandijambula.

Mayi amene ankatiyendetsa sanakuwe, sanavale pulasitiki. Ndinawafunsa za kudya ndi manja kuja. Anati inde, mafoloko kunalibe, anthu ankadya ndi zala, mpeni ndi supuni, ndipo n'chifukwa chake kusamba m'manja unali mwambo waukulu. Panali wantchito wake wa zimenezi basi, wonyamula jagi, beseni ndi chopukutira. Ankayambira kwa mfumu, kutsika malinga ndi ulemerero wa munthu, chakudya chisanayambe komanso chikatha. Anthu awiri kapena anayi ankapisa m'mbale imodzi, choncho wa m'manja mwa litsiro ankadzichotsa ulemu yekha. Ndili chiimire pamenepo ndinaona agogo anga aakazi ku Ntcheu, atagwada ndi beseni, akuthirira agogo aamuna madzi, ife ana tikudikira kuti akulu ayambe atema nsima. Mtima unakhala pansi. Ndiye kuti mnzanga uja ananena zoona mosadziwa: ndikanamva ngati ndili kwathu, phwandolo akanalichita molondola.

M'malo mwa mbale ankadula buledi wogona masiku angapo, wolimba, n'kuikapo nyama. Akatha kudya, buledi wonyowa msuziyo ankamutolera kukapatsa osauka kuchipata. Mkute wa mafumu umenewo.

Chondiseketsa n'chakuti malamulo a patebulo amenewa Angerezi omwewo anawalemba m'timabuku tophunzitsira ana a mabwana m'zaka za m'ma 1400. Usaviike nyama m'chotengera mchere. Fupa lomwe waguguda usalibwezere m'mbale ya onse. Usatokose mano ndi mpeni. Usaminire pa nsalu ya patebulo. Makolo awo ankadziwa mwambo, adzukulu akuugulitsa ngati nthabwala pa mapaundi 55.

Tsono apa ndivomere, chifukwa ndikudziwa kuti a ku London mwayamba kale kutukula mapewa. Pa kukula, Scotland singapikisane ndi Mangalande. Westminster Hall inamangidwa mu 1097, zaka 400 Stirling isanalote holo yake, ndipo ndi yaitali mamita oposa 70. M'menemo ndi mmene munkachitikira phwando mfumu ikangovekedwa chisoti, ndipo munthu wa banja la Dymoke ankalowa pa kavalo m'kati mwenimweni mwa holo, anthu akudya, n'kuponya gulovesi yachitsulo pansi kuti amene akukana mfumuyo atole amenyane. Anachita komaliza mu 1821. Zimenezo ku Stirling kulibe, ndavomera.

Koma taonani zimene Angerezi ankachitira maphwando awo. Mu 1306, pa Pentekoste, Mfumu Edward I inachititsa phwando ku Westminster pamene anyamata pafupifupi 300 anapatsidwa u knight tsiku limodzi, mwana wake yemwe ali m'gulu. Pakati pa madyerero analowetsa mbalame ziwiri za swan, zoyera za khosi lalitali zija mumaziona pa mtsinje wa Thames, ndipo mfumu inalumbira pa mbalamezo kuti ikathana ndi Robert Bruce, mfumu ya ku Scotland. Phwando lonse lija, nyimbo, vinyo, madona atatchena, cholinga chake kukamenya neba! Chaka chotsatira Edward anafera panjira asanalowe n'komwe m'dzikolo. Mwana wake uja anakakwapulidwa ku Bannockburn mu 1314, pamalo amene ukaima pa linga la Stirling umawaona ndi maso. Mlamu wanga anandilozera ngati kuti nkhondoyo anamenya nawo. Munthu wa ku Mzimba ameneyu, koma akamanena za Bruce amati “ife”.

A ku Scotland akafuna kudabwitsa alendo ankachita zamisala zokoma. Mu 1594, pa ubatizo wa Prince Henry, mwana wa Mfumu James VI, nsomba sanazibweretse pa thireyi. Anakhoma chombo chamatabwa chotalika mamita oposa 5, cha milongoti ndi mizinga yamkuwa, n'kuchilowetsa mu holo momwemo chitasenza nsomba, mizinga ikulira. Ine anandipatsa mwendo wa nkhukundembo pa mbale ya malata.

Nkhani imene inanditsatira mpaka m'sitima pobwerera ndi ya anthu akuda. Kunyumba ya James IV kunali Aafirika, ena oimba ng'oma, ena atsikana otumikira madona, ndipo mayina awo ali m'mabuku a ndalama za mfumu. Mu 1507 ndi 1508 ku Edinburgh kunachitika mpikisano wa ma knight umene pakati pake panali mkazi wakuda, amene olemba mbiri ena amati ndi Ellen More. Anamuveka diresi ya maluwa agolide, anamunyamula pa mpando, ndipo mfumu yeniyeniyo inalowa m'bwalo kumenyera iyeyo. Mapeto ake linali phwando la masiku atatu kunyumba yachifumu ya Holyrood. Ndisawayeretse kwambiri anzangawa: wolemba ndakatulo wa kunyumba ya mfumuyo anamulembera mayiyu mavesi omunyoza milomo. Ndipo pa phwando la 1594 lija ankafuna kuti ngolo ya zakudya ikokedwe ndi mkango, koma poopa kuti alendo achita mantha anaika munthu wakuda m'malo mwa mkangowo. Pamenepo ndinangoti kakasi.

Apa mpang'ono pomwe Mangalande andikope. John Blanke, munthu wakuda woimba lipenga kwa mafumu a ku Mangalande Henry VII ndi Henry VIII, anajambulidwa ali pa kavalo pa mpikisano wa ku Westminster wa 1511. Mkulu ameneyu analembera mfumu kalata kuti malipiro akuchepa, ndipo anamukwezera kuchoka pa mapeni 8 kufika pa 16 patsiku. Ife a shifiti ya usiku tikanamuika kukhala wapampando wa yuniyoni. Koma funsani ngati mnyamata wa pulasitiki uja anamvapo dzina limeneli.

Ena munena kuti ndikukondera chifukwa cha Livingstone, Blantyre ndi mamishoni. Mwina. Munenanso kuti ndikuyerekeza malo odyera a bizinesi ndi nyumba yosungira mbiri, zinthu zosiyana, ndipo kuti ku Edinburgh nakonso kuli malo ogulitsa zisoti za pepala. Zimenezo mukauze munthu amene sanaponyeredwe kapepala konyowa. Nyengo ya ku Scotland ndi yoipa kuposa ya kuno, mabasi ake chimodzimodzi, ndipo chingerezi cha ku Glasgow mpaka lero ndimangogwedeza mutu osamva kanthu. Zonsezo ndawakhululukira.

Mafumu a maiko awiriwa analinso pachilamu: James IV anakwatira Margaret Tudor, mlongo wake wa Henry VIII, mu 1503, ndipo patatha zaka 10 asilikali a mlamu wakeyo anamupha ku Flodden. Ndinawakumbutsa mlamu wanga zimenezi tikudya nsima ya kondowole madzulo, iwo n'kuti bola ndisabwere ndi gulu lankhondo kuchokera kumwera.

Kuntchito ayamba kale kulemba mayina a phwando la Khirisimasi, malo ake omwe aja. Ndalembetsa. Beseni ndi jagi ndagula kale, ndipo mnzanga uja ndiye adzayambe kundithirira madzi.