Mpikisano wanji onse akuphikira mu uvuni umodzi?

Anthu a m'gulu lathu la WhatsApp la zamakompyuta mwanditopetsa. Usiku wonse foni kumangolira, azibambo a ndevu zawo kutukwanizana. Uyu akuti AMD yamumaliza Intel, uyo akuti dolo ndi Apple, winanso wabwera ndi Snapdragon wake wa Qualcomm. Mpaka wina kutuluka m'gulu chifukwa cha purosesa, ka chip kamene ndi ubongo wa kompyuta! Ndiye poti kumeneko simumvana, ndiyankhulira pano.

Mpikisano mukuunenawo kulibe. Buledi ndi wa mayina osiyanasiyana, mapepala okutira ndi osiyana, koma uvuni ndi umodzi, ndipo dzina lake ndi TSMC, kampani ya ku Taiwan yopangira makampani ena ma chip.

Tandiuzeni, fakitale ya AMD ili kuti? Ilibe. Inapatula mafakitale ake mu 2009 n'kukhala GlobalFoundries, ndipo GlobalFoundries yomweyo inakweza manja mu 2018, n'kusiya zofuna kupanga ma chip amakono a 7nm. Ryzen, purosesa wa AMD mukumuimbira nyimboyo, amapangidwa ndi TSMC. Apple itasiya Intel mu 2020 n'kutulutsa purosesa yakeyake ya M1, inakapangitsa kuti? Ku TSMC. Nvidia ndi ma chip ake a AI amene dziko lonse likulimbirana? TSMC. Qualcomm inayesako Samsung, mu 2022 inabwerera ku TSMC komweko. Ngakhale Intel, mwini mafakitale, uja ankadzitama kuti amapanga zake yekha, purosesa wake wa Lunar Lake wa 2024 anakamupangitsa ku TSMC. Ndiye mukamati uyu wapambana, uyu wagonja, mukunena chani? Wopambana ndi amene onsewo akukaima pa mzere pakhomo pake, ndalama zili m'manja.

Inde ndikudziwa, fakitale imodzi imadya mabiliyoni a madola, n'chifukwa chake ena anathawa. Zimenezo sizikusintha kanthu.

Komanso makina a EUV, ojambulira ma chip ndi kuwala, amene popanda iwo ma chip amakonowa sangatheke, amapangidwa ndi kampani imodzi yokha padziko lonse, ASML ya ku Veldhoven ku Netherlands. Imodzi! Kumbali ya mapulani a purosesa nakonso n'chimodzimodzi. Apple, Qualcomm ndi MediaTek onse amalipira kampani ya Arm ya ku Cambridge ku UK. Nvidia inafuna kugula Arm yonseyo ndi madola 40 biliyoni, zinakanika mu 2022 maboma atayamba kutsutsa, apo ayi bwenzi pano tikunena zina. Achinyamata mumakonda kufuula kuti RISC-V, mtundu wina wa mapulani a purosesa, ndiye tsogolo chifukwa ndi yaulere. Chabwino, mapulani ndi aulere. Nanga mukamaliza kujambula mukapangitsa kuti? Mubwerera pa mzere womwe uja.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndani angaikalipire TSMC lero? Ikakweza mtengo, onse amangoti zikomo bwana, kenako mtengowo amakuthirani inu ogula. Mu 2021 ku Taiwan kutagwa chilala, kampaniyi inkachita kugula madzi a m'mathanki a galimoto kuti ntchito isaime, dziko lonse mtima uli m'mwamba. Chaka chomwecho ma chip atasowa, Toyota inadula ndi 40 peresenti magalimoto amene inkafuna kupanga mu September. Mu April 2024 chivomerezi chitagwedeza Taiwan, atolankhani a zamalonda anathamangira kufunsa ngati mafakitale ali bwino. Tsogolo la makompyuta onse lili pa chilumba chimodzi chomwe China imati ndi chake, inu muli busy kukangana za sitika yomata pa laputopu.

Ndipo amene mukuwayesa adaniwo amadyera limodzi. Mu August 2025 boma la America linatenga pafupifupi 10 peresenti ya Intel. Mwezi wotsatira Nvidia inalengeza kuti iika madola 5 biliyoni mu Intel yomweyo. Eni ake akugwirana chanza, inu kuno mukudana ulele, opanda ngakhale sheya imodzi. Tsiku limene Intel kapena Samsung idzayambe kulanda makasitomala akuluakulu a TSMC, mudzandidzutse, pamenepo ndidzavomera kuti kuli mpikisano. Panopa ayi.

Chinanso chondinyansa ndi inu ogulitsa malaputopu a kaunjika m'tauni muno. Munthu wasunga ndalama zake movutikira, akufuna makina oti mwana akagwiritse ntchito ku koleji, inu mukungomuuza kuti "ndi Core i7 bwana, yamphamvu kwambiri". i7 ya chaka chanji? Dzina limenelo linayamba mu 2008. Pali i7 ya 2012 yoti i3 ya masiku ano imaisiya kutali, yoti ngakhale Windows 11 imaikana. Koma jenereshoni simutchula, mumabisa dala, mtengo n'kuika wa kumwamba. Ndi kuba kumeneko.