Chithandizo chaulere sindicho chikutiletsa kulowa medical aid

Ndamva kangapo anthu amene ali pantchito zamalipiro apamwezi akunena kuti ife a ku Mbare, Mufakose ndi Epworth, m'chigawo cha Harare kuno ku Zimbabwe, sitilowa medical aid, inshuwalansi yolipirira chipatala, chifukwa tinazolowera zaulere. Mawu amenewa amandipweteka, ngakhale sindikana kuti muli kachoonadi. Munthu amene amalandira ma ARV osalipira, chifukwa cha msonkho wa Edzi umene boma linakhazikitsa mu 1999 pamodzi ndi thandizo la mabungwe akunja, amenenso akudziwa kuti zikafika povuta akwera basi kupita ku chipatala cha mishoni cha Karanda, kufupi ndi Mount Darwin, kumene mitengo ndi yotsikirapo, angathedi kuona ngati kulipira mabungwe a medical aid monga CIMAS kapena First Mutual mwezi ndi mwezi n'kutaya ndalama.

Koma taonani zimene anthu omwewo amachita. Amayi anga aakulu amagulitsa tomato ndi masamba pa Mbare Musika, ndipo sanaphonyepo chopereka cha sosaite ya maliro. Ndalamayo amaimanga pansonga ya chitenje, Lamlungu loyamba la mwezi n'kukaipereka kwa msungichuma, amene amailemba m'kabuku kothaitha chikuto. Agogo athu atachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, masosaite otere ndiwo ankawaika m'manda mwaulemu, kutali ndi abale awo. Munthu wotere sitinganene kuti sadziwa kukonzekera za mawa. Amalipira mokhulupirika chifukwa anaona ndi maso ake bokosi, galimoto ndi ufa zikufika pa siwa monga analonjezerana.

Medical aid yalephera kupeza chikhulupiriro chotero. Kugwa kwa ndalama mu 2008 kunafafaniza zimene anthu anasonkha zaka zambiri m'mainshuwalansi ndi m'mapenshoni, kenaka ndalama inasinthanso mu 2019, ndipo mu 2024 kunabwera ndalama yatsopano ya ZiG. Ine ndinadulidwapo ndalama pamalipiro mwezi uliwonse kwa zaka zingapo. Tsiku limene mwana wanga anathyoka mkono, ndinatulutsa khadi pawindo la chipatala china, koma mlembi anangoliyang'ana n'kulikankhira kwa ine, nati ndiyambe ndawonjezera madola a America asanamujambule. Ndinaima pakhonde kuimbira abale foni, mwanayo akulira atagwirizira mkono wake. Amene anaona zimenezo ndingawauze chiyani za ubwino wa khadi?

Zaulerezo nazonso tisazikuze. Amayi oyembekezera, ana osakwana zaka 5 ndi okalamba opitirira zaka 65 sayenera kulipira m'zipatala za boma, komabe kawirikawiri amatuluka ndi kapepala koti akagule mankhwala ku famase. Khansa kapena matenda a impso akalowa m'nyumba, banja limagulitsa katundu ndi kudikira ndalama za ana amene ali ku Johannesburg. Kuchepetsa chithandizo chaulere sikungasandutse wogulitsa tomato kukhala membala wa medical aid, kungangomusiya akudwalira kunyumba.

Ndikadakonda mabungwe a medical aid atalola wogwira maganyu kupereka pang'onopang'ono pa EcoCash, njira yolipirira pa foni, sabata iliyonse, osamuchotsa m'kaundula akaphonya mwezi umodzi, ndiponso atamuuziratu m'chilankhulo chake chimene adzamulipirire ndi chimene adzalipire yekha. Zikadakhala choncho, ine ndikadawaperekeza amayi aakulu kukalembetsa.